Mpingo usapikisane ndi foni, ubwerere ku mphakati

Mkangano wakula m'mipingo yathu, makamaka m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Umamveka ku seshoni, umamveka ku bungwe la parishi, ndipo umatentha kwambiri m'magulu a WhatsApp a achinyamata a mpingo Lamulungu madzulo. Ena akuti ana athu akuthawa chifukwa mapemphero athu ndi ozizira, nyimbo n'zakale, ndipo ulaliki sukhudza moyo wa munthu amene anamaliza sukulu ya ukachenjede koma ntchito osaipeza. Ena akuti tikangoyamba kusintha pofuna kukondweretsa ana, mawa tidzazindikira kuti tagulitsa Uthenga Wabwino. Ine ndili ndi mbali, ndipo ndiinenere pachiyambi pomwe. Mpingo uyenera kusintha, ndipo usinthe mopanda mantha, koma magetsi othwanima, zimkuzamawu zazikulu ndi makamera sizidzatipulumutsa. Kusintha kofunika n'kubwezera moyo wa mpingo ku timagulu ta m'makomo, timene Akatolika amati miphakati kapena malimana ndipo a CCAP ambiri amati milaga, ndi kuonetsetsa kuti kumeneko mafunso ndi ololedwa, ndalama zikuwerengedwa poyera, ndipo atsogoleri akuyankha akafunsidwa. Pa zosangalatsa, mpingo sungapambane foni. Koma pa kudziwa munthu ndi dzina lake, kumuyendera akadwala ndi kumuuza choona pamaso, foni siingayandikire n'komwe.

Poyamba tigwirizane za nyengo imene tikukhalamoyi. Akatswiri a ku Ulaya anaitcha postmodern, ndipo mmodzi wa iwo, Jean-François Lyotard wa ku France, anaifotokoza m'chaka cha 1979 kuti ndi nthawi imene anthu asiya kukhulupirira nkhani zikuluzikulu zofotokoza chilichonse, kaya za chipembedzo, za ndale kapena za sayansi. Kwathu kuno sitichita kufuna buku kuti tizione. Agogo athu ankamva za dziko kudzera mwa anthu owerengeka: mfumu, mphunzitsi, abusa kapena ansembe, ndi wailesi imodzi ya MBC. Chimene awa anena chinali chomwecho. Mdzukulu wawo wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amadzuka ndi mlaliki wa ku Nigeria pa YouTube, masana amaonera mnyamata wa ku America akunyoza Baibulo pa TikTok, madzulo azakhali ake amamutumizira uneneri pa WhatsApp. Palibenso liwu limodzi loposa anzake. Zotsatira zake mbusa aliyense wa m'tauni akuzidziwa. Wachinyamata sakhulupirira munthu chifukwa cha kolala kapena mkanjo, amafuna aone kaye makhalidwe ake. Choona amachiyeza ndi mmene chamukhudzira mumtima, katekisma amabwera pambuyo. Ndipo amaona kuti kusankha ndi ufulu wake, motero mpingo wa makolo ake ndi umodzi chabe mwa yambiri imene ikumuitana.

Otsutsa oyamba amati nkhani yonseyi ndi ya Azungu. Amaloza kalembera wa 2018, amene anapeza kuti mwa Amalawi 17.5 miliyoni, anthu awiri okha pa 100 aliwonse ndiwo anati alibe chipembedzo, pamene Akatolika anali 17 pa 100 aliwonse ndipo a CCAP anali 14. Amayerekeza ndi England ndi Wales, kumene kalembera wa 2021 anapeza kuti odzitcha Akhristu atsika kufika pa 46 pa 100 aliwonse, ndipo opanda chipembedzo akwera kufika pa 37. Ndiye amafunsa kuti poti matchalitchi athu ndi odzaza, vuto lili pati? Ziwerengerozo n'zoona, koma zikuyankha funso lina. Kalembera amafunsa dzina la mpingo, safunsa kuti munthuyo amamvera ndani. Kwathu nyengo imeneyi sikuti yachititsa anthu kukana Mulungu, yawachititsa kuyendayenda. Mayi amene analembetsa kuti ndi wa CCAP amapita ku tchalitchi chake Lamulungu m'mawa kuti dzina lisafufutidwe m'kaundula, Lachitatu ali ku felosipi ya pa nkhomaliro, Lachisanu wachezera usiku wonse kwa mneneri, ndipo mwana akadwala matenda osamveka amakafunsira kwina kumene sangakutchule pa Mvano. Chikhulupiriro chake wachisankha monga timasankhira pa mulu wa kaunjika: ichi chandikwana, ichi ayi, icho ndikatenga kwa wogulitsa winayo. Sindikumunyoza mayiyu, pakuti kawirikawiri chimamuthamangitsa ndi vuto lenileni limene mpingo wake sunalimve. Koma tivomereze kuti mabenchi odzaza satanthauza kuti anthuwo ndi thupi limodzi. Kalembera yemweyo anaonetsanso kuti theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18. Ambiri a iwo, makamaka a m'tauni, akukula foni ili pafupi, ndipo sadzakhala mu mpingo chifukwa chongoopa agogo.

Otsutsa achiwiri ndi makolo athu mu mpingo, ndipo awa ndimawapatsa ulemu waukulu chifukwa ndi amene anaumba njerwa za matchalitchi amene tikupempheramo. Iwo amati Mulungu sasintha, choncho mpingo usasinthe. Kiyibodi, kuvina ndi ulaliki wosakaniza Chingerezi amaziona kuti ndi zadziko zolowera ku khomo lakumbuyo. Pa mfundo yoti Uthenga sugulitsidwa, ndili nawo limodzi. Koma pa zotsalazo, mbiri ya mpingo wathu womwewu ikuwatsutsa, chifukwa zimene lero timazitcha mwambo wa makolo zinali zachilendo dzulo. Inalipo nthawi imene kunalibe Baibulo lathunthu m'chinenero chathu, Buku Lopatulika lenilenilo linatuluka mu 1922, ndipo mpaka lero alipo amene amaona Buku Loyera la 1998 ngati lopepuka chifukwa Chichewa chake n'chosavuta. Inalipo nthawi imene mbusa wa m'mipingo imene lero ndi CCAP ankakhala Mzungu yekha, mpaka anthu ngati Harry Kambwiri Matecheta anadzozedwa ku Blantyre mu 1911. Ku Livingstonia, Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo zotamanda Mulungu pa maimbidwe a kwawo, ndipo nyimbozo lero ndi chuma cha mpingo. Akatolika achikulire akukumbukira Misa ya m'Chilatini, wansembe atafulatira anthu, msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 usanatsegulire khomo zinenero zathu ndi ng'oma. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe otchedwa KuNgoni mu 1976, kumene zosema ndi zojambula za kwathu zinayamba kulankhula za Mulungu. CCAP yomwe, yobadwa mu 1924, Nkhoma n'kulowamo mu 1926, inali chinthu chatsopano pa nthawi yake. Choncho amene akuti tisasinthe kanthu akuteteza zimene agogo awo anasintha. Paulo pa bwalo la Areopagi ku Atene, mu Machitidwe 17, anayambira pa guwa la Mulungu wosadziwika ndi pa mawu a alakatuli a Agiriki, koma anakathera pa kuuka kwa akufa, ngakhale ena anamuseka. Poyambira anapasintha, pothera anapasunga.

Makolowa ali ndi mfundo ina yolemera kuposa yoyambayo. Amati taonani Church of Scotland, mayi wa Sinodi ya Blantyre: anatsata nyengo, ndipo lero akutseka ndi kugulitsa matchalitchi. N'zoona kuti mpingo umenewu unali ndi mamembala pafupifupi 1.3 miliyoni m'zaka za m'ma 1950 ndipo lero sakwana 300,000. Abale athu okhala ku Glasgow, Edinburgh kapena Manchester amatiuza za nyumba za Mulungu zimene zasanduka malo odyera ndi ogona. Koma tiyang'ane nthawi yake. Kutsikako kunayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, mapemphero akadali a nyimbo zakale ndi ulaliki wautali, zosintha zimene timawanenera lerozi zisanafike n'komwe. Chimene chinayamba kutha ndi moyo wa pamodzi: anthu anasamuka m'madera awo akale, Lamulungu linadzaza ndi zochitika zina, ana anasiya kupita ku Sande sukulu. Tiyang'anenso chimene chakoka anthu kumeneko. Maphunziro a Alpha, amene anakula kuchokera ku tchalitchi cha Holy Trinity Brompton ku London m'zaka za m'ma 1990 n'kufalikira m'maiko ambiri, kachitidwe kake n'kosavuta. Anthu amadyera pamodzi, amamva phunziro lalifupi, kenaka amakhala m'kagulu momwe aliyense amaloledwa kufunsa chilichonse popanda kukalipiridwa. Anzathuwo anachita kuchifunafuna chinthu chimene ife tili nacho kale pa makonde a akhristu athu, ndipo ife tikuchilekerera kuti chife.

Otsutsa achitatu ali mbali inayo, ndipo ambiri ndi achinyamata pamodzi ndi abusa a msinkhu wawo. Amati anthu apatsidwe chimene akufuna. Ngati akufuna gulu la matamando la magitala ndi ng'oma zamagetsi, zigulidwe. Ngati akufuna Chingerezi, kulalikidwe m'Chingerezi. Ngati akufuna uthenga wa chipambano, asamauzidwe za tchimo ndi mtanda sabata iliyonse. Umboni wawo ndi khamu: mahema ndi maholo a mipingo yatsopano akusefukira pamene m'mipingo yakale mukutsala a imvi okhaokha. Zambiri mwa izi ndikuzivomereza. Mipingo ya Pentekoste yaphunzitsa mipingo yakale zinthu zimene inayenera kuzidziwa kalekale: kuti mlendo alandiridwe pakhomo, kuti wachinyamata apatsidwe maikolofoni asanamere imvi, kuti munthu wosowa ntchito kapena wosowa mwana amafuna pemphero lotchula vuto lakelo. Mapemphero a chinyamata amene mipingo yambiri ya CCAP m'tauni inayambitsa, komanso gulu la Charismatic mwa Akatolika, zikuyankha njala yomweyi, ndipo sindikuziona cholakwa. Vuto lili pa mawu akuti chimene akufuna. Mpingo ukayamba kuona mkhristu ngati kasitomala, wavomera kukhala mmodzi wa ogulitsa kaunjika aja, ndipo kasitomala alibe lumbiro. Tsiku limene holo ya tsidya lija idzagule zimkuzamawu zamphamvu kuposa zanu, iye adzawoloka msewu. Ndiye mumakakamizika kumawonjezera: chozizwitsa choposa cha sabata yatha, lonjezo lokoma kuposa la mnzanu, chithunzi cha abusa chachikulu kuposa dzina la Yesu pa chikwangwani. Mpikisano umenewu ndi umene wabala zofesa mbewu ya ndalama kwa mlaliki kuti upeze visa, ndi mafuta odzozera ogulitsidwa m'timabotolo. Paulo anadzudzula Akorinto chifukwa wina ankati ndine wa Paulo, wina ndine wa Apolo. Lero anthu akudzitchula ndi dzina la papa wawo, ndipo papayo akagwa m'tchimo kapena akasamukira ku Johannesburg, chikhulupiriro chawo chimapita naye.

Amene akukayikira zimenezi apite pa maliro. Pa siwa ndi pamene mpingo umayesedwa, ndipo Mmalawi aliyense akudziwa. Uthenga ukamveka usiku, ndani amafika ndi nkhuni ndi ufa? Ndani amagona pa mkeka ndi ofedwa, kuimba mpaka mbandakucha, kusonkha ya bokosi ndi ya galimoto yopita kumudzi? Ndi amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, Amayi Akatolika, amayi a Dorika, ndi anthu a mlaga ndi a mphakati amene ankamudziwa malemuyo pamodzi ndi ana ake. Khamu lalikulu limene ankaimba nalo m'holo nthawi zambiri silimva n'komwe kuti watisiya. Tinaziona poyera mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri ku Soche ndi Chilobwe ndi kuwononga midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa. Opulumuka anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo amene ankadziwa kuti m'nyumba yakuti munali anthu angati, agogo akuti sanaoneke, mwana wakuti watsala yekha, anali anansi ake, ambiri a iwo opemphera naye limodzi. Kudziwana kotere sikugulidwa, ndipo sikuyambidwa tsiku la ngozi. Kumamangidwa pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, anthu ochepa atakhala pa mabenchi obwereka pakhomo pa mmodzi wa iwo. Wachinyamata amene sakhulupirira mawu a pa guwa amakhulupirira izi, chifukwa amaziona ndi maso ake.

Otsutsa achinayi amati mpingo wa mawa uli pa intaneti. Amakumbutsa za 2020 ndi 2021, pamene mliri wa Covid-19 unachititsa boma kuchepetsa chiwerengero cha anthu osonkhana, mipingo n'kupulumukira pa Facebook, pa wailesi ndi pa kanema, chopereka n'kumayenda pa Airtel Money ndi Mpamba. Amatchulanso namwino wogwira ntchito Lamulungu, mlonda, wodwala wogonera, ndi m'bale wa ku Cape Town kapena ku Leeds amene misozi imalengeza akamva nyimbo ya kwawo pa foni. Zonsezi n'zoona, ndipo mpingo wokana zida zimenezi ukudzimana wokha. Radio Maria, Trans World Radio ndi Luntha TV zakhala zikufikira anthu amene wansembe kapena mbusa sangawafikire, ndipo zimenezi sizinachepetse Uthenga. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtengo. Amalawi ambiri amakhala kumudzi, ndipo bandulo yoonera mapemphero a maola awiri imalimbana ndi ndalama ya ndiwo, motero mpingo wodalira intaneti yokha ndi mpingo wa opeza bwino. Chachiwiri n'chachikulu kuposa apa. Pa foni, mwini batani ndiwe. Mlaliki akakhudza chilonda chako, umangopitirira kwa wina. Palibe wokufunsa chifukwa chimene sunalankhulane ndi mlamu wako chaka chonse, palibe wokhala naye benchi limodzi amene sumukonda koma uyenera kumupatsa moni wa mtendere. Madzi a ubatizo ndi mkate wa Mgonero sizitumizidwa pa foni. Foni ikhale mthenga woitanira anthu ku mphakati ndi wolumikiza amene ali kutali, ndipo abale a kunjawo, pamwamba poonera mapemphero a kwathu, apeze anzawo a mumzinda womwewo n'kuyamba kukumana m'nyumba zawo.

Tsopano ndifike pa chitsutso chimene chimandivuta koposa, chifukwa chimachokera kwa anthu amene mpingo unawapweteka. Iwo amati mukutiitanira ku mlaga, koma ku mlagako n'kumene kuli miseche. N'kumene mtsikana wotenga pathupi amaimitsidwa Mgonero, mnyamata wake akuimbabe kwaya. N'kumene msonkhano uliwonse umathera pa ndalama: mapuleji, mtulo, masika, pepa sande, chitukuko cha nyumba ya abusa, ndipo ukafunsa kuti za chaka chatha zinapita kuti, umatchedwa wosamvera. Amati kukayikira atsogoleri si matenda a nyengo ino, ndi nzeru imene anaiphunzira ndi misozi. Awa sindingawauze kuti akunama. Pa mfundo imeneyi nyengo ino ikunena zoona, ndipo mpingo uyenera kugwidwa manyazi ndi kuphunzirapo. Yankho langa ndi lakuti mphakati umene ambiri a ife takhalamo unasochera pa cholinga chake choyamba. Pamene Bishopu Patrick Kalilombe ankayendetsa sinodi yaing'ono ya dayosizi ya Lilongwe kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo maepiskopi a kum'mawa kwa Africa mu bungwe la AMECEA anasankha miphakati kukhala njira yaikulu ya mpingo pa misonkhano yawo ya 1973 ndi 1976, cholinga chinali chakuti akhristu wamba aziwerenga Mawu paokha, azikambirana mavuto a m'dera lawo, azidzitsogolera ndi kudzidalira. Boma la nthawi imeneyo linaona kuti anthu wamba okambirana momasuka m'timagulu ndi oopsa, ndipo mu 1976 Kalilombe anakakamizika kutuluka m'dziko. Miphakati yongotolera ndalama sikanaopseza aliyense. Inaopseza chifukwa inali malo olankhulira. Ife ndi amene taisandutsa malo otolera msonkho.

N'chifukwa chake kusintha kumene ndikupempha kuyambire pa ndalama, pakuti apo ndi pamene achinyamata amatayira chikhulupiriro mwa atsogoleri. Lipoti la chuma lizipachikidwa pa khomo la tchalitchi mwezi ndi mwezi, lolembedwa moti mayi wogulitsa tomato aliwerenge n'kulimva: zalowa zingati, zatuluka zingati, wasainira ndani. Paulo yemwe, potenga chopereka cha ku Yerusalemu, anayenda ndi abale otumidwa ndi mipingo kuti pasapezeke womunena, monga tiwerenga mu 2 Akorinto 8. Ngati mtumwi analola kuperekezedwa, mbusa wa lero akukwiyiranji akafunsidwa risiti? Pambuyo pa ndalama pabwere mafunso. Mwana wa ku yunivesite akafunsa za chiyambi cha dziko ndi zimene waphunzira mu sayansi, kapena za ubale wa amishonale ndi atsamunda, kapena chifukwa chimene mayi ake opemphera anafera ndi khansa, asauzidwe kuti ali ndi chiwanda chokayika. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ife mu mpingo tasandutsa kufunsa kukhala tchimo. Yesu sanamupirikitse Tomasi, anamuonetsa mabala. Mtsogoleri wa mlaga aphunzitsidwe kunena kuti funso ili landikulira, tiyeni tikafunse kwa abusa, ndipo abusawo abweredi kudzayankha. Utsogoleri nawonso ugawidwe. Amayi ndiwo ochuluka pa mabenchi, ndiwo amasenza maliro, odwala ndi alendo, koma pa gome lopangira ziganizo amakhala owerengeka. Achinyamata ntchito yawo imathera pa kunyamula mipando ndi kulumikiza mawaya. Mu Machitidwe 6, akhristu olankhula Chigiriki atadandaula kuti amasiye awo akusalidwa pogawa chakudya, atumwi sanawatche oukira. Anauza gulu kuti lisankhe anthu asanu ndi awiri, ndipo onse osankhidwawo anali ndi maina a Chigiriki. Udindo unapita ku mbali yodandaulayo.

M'tauni mulinso zina zofunika kuziganizira mwatsopano. Mlaga wokumana mkati mwa sabata dzuwa likadali pamutu unapangidwira alimi ndi okhala pakhomo. Wogwira ntchito ku Kanengo kapena ku Limbe amafika kwawo kutada, atalimbana ndi maminibasi, ndipo wochita lendi amasamuka anansi asanamuzolowere. Palibe lamulo la Mulungu loti mphakati ukhale wa anthu oyandikana nyumba okha, kapena kuti uzikumana pa ola limene linasankhidwa zaka 40 zapitazo. Pakhale wa anamwino, wa akabaza, wa ophunzira a pa koleji, wa ogulitsa mumsika wokumana m'mamawa asanayale malonda. Chinenero chikhale chimene anthuwo amalankhula tsiku ndi tsiku, ngakhale chosakaniza. Ndikudziwa kuopsa kwake, kuti ofanana akamangokumana okhaokha, olemera kwawo, osauka kwawo, mpingo ungagawike potsata matumba. Ichi n'chifukwa chake Lamulungu liyenera kukhalabe tsiku limene bwana ndi wantchito wake, agogo ndi mdzukulu, amakhala pansi pa denga limodzi n'kumwera chikho chimodzi. Mapemphero a chinyamata asakhale mpingo wachiwiri wosakumana konse ndi woyamba.

Pali malire amodzi amene sindingalole kuti asunthidwe. Nyengo ino imati aliyense ali ndi choona chake, ndipo mpingo suyenera kuvomera zimenezo ngakhale pofuna kukondedwa. Pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, yonena za umphawi, malipiro osakwanira, anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi mantha oletsa anthu kulankhula. Boma linaitcha youkira, maepiskopi anaopsezedwa, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inayatsidwa moto. Sinodi za Blantyre ndi Livingstonia pamodzi ndi a zipembedzo zina anaima nawo, bungwe la Public Affairs Committee linabadwa, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Kalata ija ikanati awa ndi maganizo athu chabe, a boma nawonso ali ndi awo, palibe akanaika moyo wake pachiswe chifukwa cha iyo. Inali ndi mphamvu chifukwa inanena kuti kutsekera munthu popanda mlandu n'kulakwa, kaya wochitayo ndi ndani. Achinyamata omwe amati choona n'cha aliyense payekha ndi omwenso amapsa mtima akamva za katangale ndi za mankhwala obedwa m'zipatala, ndipo mkwiyo wawowo ukusonyeza kuti pansi pa mtima akudziwa kuti chilungamo si maganizo a munthu chabe. Mlaliki wanzeru angayambire pa mkwiyo umenewo n'kuwafikitsa kwa Amosi ndi Mika, koma adzamvedwa pokhapokha mabuku a chuma a mpingo wake ali otseguka.

Kwa akulu a mpingo ndi a bungwe la parishi amene akhala pansi posachedwa kukonza bajeti, pempho langa ndi ili. Ndalama imene mumati mugulire sikirini yachiwiri ipite kophunzitsa atsogoleri a milaga ndi miphakati, kuwagulira Mabaibulo, ndi kulipira ulendo wa abusa kapena ansembe kuti aziyendera kagulu kalikonse kamodzi pa miyezi itatu, kukamva mafunso osati kukatolera envulopu. Ndipo m'komiti ya chuma mulowe mtsikana mmodzi ndi mnyamata mmodzi osakwana zaka 30, okhala ndi ufulu woona mabuku onse ndi wokana kusainira chimene sanachimvetse.